Pogona pa Madokotala Anayi

Lolemba, 2 Juni 2025

Miting'i tsiku lonse. A bungwe lothandiza avomera kulipirira madokotala anayi kuti adzaphunzire ukatswiri pachipatala chathu chaching'onochi, kuno ku Machinjiri. Fizi ya kukoleji, alawansi, mabuku, intaneti yomwe. A Dokotala Yakobe, mkulu wathu, anayamba okha kuomba m'manja. Pulaniyi ndinalemba ndine ngati woyendetsa chipatala, ndiye maso onse anali pa ine. Ndinawaonetsa mano.

Pali mfundo imodzi. Oyendera a kukoleji abwera Lachinayi sabata yamawa, ndipo akufuna kuona pogona madokotalawo mkati mwa mpanda, kuti akaitanidwa azifika msanga. Popanda pogona, palibe maphunziro. A bungwe ananenetsa kuti ndalama zawo sizigula njerwa.

Lachiwiri, 3 Juni

Chiperoni. Sindinachape.

Lachitatu, 4 Juni

Tinazungulira mpanda ndi a Yakobe. Kupatula mawodi, nyumba zilimo ziwiri: shedi ya magadiyani, momwe odikirira odwala amagona ndi kuphika, ndi nyumba ya ogwira ntchito yomwe ndimakhala ine. Podutsa pakhomo panga anafulumira ngati pali galu. Pashedi anaima. "Tikagawa ndi mabolodi, n'kupaka penti, zitheka, mayi." Nanga magadiyani? "Aziyendera." Ena kwawo ndi ku Lunzu, ena ku Chiradzulu.

Nyumba yanga palibe angaitchule. Chimwalirire Simeon anthu amandigwira ngati dzira. Mwamuna wanga anafera mu ambulansi mu Febuluwale, tikuthamangira kuchipatala chachikulu, tisanafike n'komwe pa Kameza. Linali Loweruka, a Yakobe ali kumaliro kwawo, ndipo panalibe wina wochita opaleshoni. Pulani ya madokotalayi ndinayamba kulemba nditangobwera koika maliro. Anthu amati ndine wolimba mtima. Si kulimba ayi, sindikumva kanthu basi. Nsapato zake zikadali kuseri kwa chitseko momwe anazivulira, sokosi zili mkati.

Lachisanu, 6 Juni

Wokawauza magadiyani ndine, akuti poti ndine mzimayi mnzawo.

Ndinawapeza akusonkha moto. Mayi Zeinabu a ku Ndirande analipo. Amuna awo, a Majidi, anali okhoma zidebe, pano agona muwodi ndi sitiroko kuyambira Januwale. Mayiwa ndi omwe amawadyetsa, kuwasambitsa, kuwatembenuza. Amatunga madzi pampopi wanga, ndipo chichitikire maliro amasesa pakhomo panga m'mawa uliwonse. Sindinawapemphe. Sindikukumbuka ngati ndinawathokozapo.

Ndinati pofika Lachiwiri mushedi musakhale munthu. Palibe anakalipa. Wina anafunsa ngati mafuwa angatenge. Mayi Zeinabu anapukuta manja pachitenje, nati, "Tamva, achemwali. Nanga bambowa aziwatembenuza ndani ine kulibe? Manesi aja ndi awiri okha wodi yonse."

Ndinati tiona. Ntchito yanga yambiri ndi kunena mawu amenewa.

Loweruka, 7 Juni

Asesabe.

Lamulungu, 8 Juni

Kutchalitchi sindinapite. Apongozi anaimba kuchokera ku Ekwendeni, kufunsanso kuti abwere liti adzagawe zovala za mwana wawo. Ndinati sindinakonzeke. Yankho ndi lomweli kuyambira Marichi. Anandipempherera pafoni mpaka mayunitsi kuwathera. Ndinatsala nditakhala pampando wa S., kuyang'ana TV yosayatsa.

Lolemba, 9 Juni

Ndinayesako, tisanamizane. Kuli nyumba ya lendi kutsidya kwa msewu, koma a kukoleji akuti kunja kwa mpanda ayi. Ndinalembera a bungwe kuti tichotseko pa ndalama za mabuku timange kachipinda. Anayankha mwaulemu kwambiri, ndime zitatu, zonse kutanthauza ayi. A komiti ya chipatala akuti aikumbukira nkhaniyi m'mapemphero.

A Yakobe amvekere, "Madokotalawa akabwera, za Simeon zija sizidzachitikiranso munthu wina." Akunena zoona. Ndinagwedeza mutu, n'kupitiriza kulemba kuti matiresi anayi, ketulo, loko.

Lachiwiri, 10 Juni

Atuluka. Akalipentala alowa ndi mabolodi awo, wailesi ikulira. Magadiyani anaphikira kuseri kwa mpanda, mumvula yowazayo, utsi osakwera. Alonda auzidwa kuti pakhonde asagone munthu.

Chakumadzulo mayi Zeinabu anagogoda, mapoto atamanga m'chitenje. Akubwerera ku Ndirande kukagona, adzalawirira. "Mundisungireko awa, achemwali. Nyumba yanu ndi yaikulu." Anangonena, sikuti amandilasa ayi. Ndinalandirira pakhomo pomwepo.

Nditatseka ndinayenda m'zipinda. China muli mabuku a S. China muli njinga yake ndi makatoni. Ine ndimagona pasofa kuyambira Febuluwale.

Lachitatu, 11 Juni

Nesi wandiuza kuti a Majidi anawapeza atadzinyowetsa, atagonera mbali imodzi, pachiuno patayamba kufiira. Anthu ogonera kumodzi akatuluka chilonda pamenepo sichipola msanga. Mayi Zeinabu anafika matope mpaka m'maondo, minibasi itawasiya panjira. Anawasambitsa amuna awo, kuwadyetsa phala. Kenako ndinamva tsache pakhomo panga.

Ndinaima pazenera kuwayang'ana. Ndinatenga foni.

"A Dokotala, auzeni akalipentala asiye. Oyendera aja mawa tiwaonetsa nyumba yangayi. Awiriawiri pachipinda akwana."

A Yakobe amvekere, "Mayi, palibe amene wakuuzani kuti..."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikunena ndekha."

Ndikakhala kwa mng'ono wanga ku Chilomoni. Sanamve, koma sangandikane. Apongozi ndawatumizira uthenga kuti abwere Loweruka.

Ndinatsegula chitseko n'kuwauza mayi Zeinabu kuti alowe, atenge mapoto awo abwerere nawo kushedi, koma ayambe andithandiza kulongedza. Anavula patapata. Chichokere anthu a maliro, ndi munthu woyamba kulowa muno.

Potseka chitseko anaona nsapato zija. Sanazigwire, anayang'ana ine. Ndinawerama n'kuzinyamula ndekha. Sokosi imodzi inagwa. Inali itauma, ikadali yopindika ngati phazi lake. Ndinangokhala pansi pasimenti, ndipo kulira kumene kunatuluka sindinakudziwe. Mayiwo anakhala pansi pafupi nane, dzanja lili pamsana panga.

Pomwe panali nsapato panatsala malo awiri oyera pakati pa fumbi. Anatenga tsache lawo n'kuima.

"Ndisese, achemwali?"

Ndinati sesani.