Ndaphunzitsanso, Achimwene

Croydon, London
14 Meyi 2006

Okondedwa achimwene a Biswick,

Muli bwanji ku Dedzako, pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino.

Lero ndiulule. Zaka zinayi zonsezi ndakhala ndikukunamizani kuti kuno ndimaphunzitsa. Satifiketi yanga anaikana. Ndimasambitsa nkhalamba kunyumba ina yozisamalira, ndipo manyazi ndi amene ananditseka pakamwa. Ndinkaona ngati uphunzitsi wanga unathera pabwalo la ndege.

Koma tamverani. Mwa amene ndimawasamalira muli gogo Effie, a mtundu wa Dakota, eni nthaka a ku America. Anabwera kuno ndi ukwati, ndipo pano maso anafa. Pansi pa pilo amasunga kabuku ka ana ka m'chinenero chawo. Anandidandaulira kuti amwalira osakamvanso, poti adzukulu awo, Petronella ndi Killian, n'Chingerezi chokhachokha.

Ine Chidakota sindichidziwa ngakhale moni. Koma nditatsegula kabukuko ndinaona a, e, i, o, u. Ndinati basi, awa ndi anzanga a ku Sitandade 1!

Loweruka lililonse ana aja akabwera ndinkawakhazika pansi, kudula mawu m'maphatikizo, n'kumawaimbitsa ndi m'manja monga ndinkachitira pansi pa mtengo wa mango uja. Ine kuloza ndi sipuni, gogo kukonza katchulidwe. Ndikaphonya ankandiseka mpaka kutsokomola. Abwana anabwera kudzatiletsa phokoso, koma anathera kuomba nawo m'manja.

Dzulo Petronella wawerenga tsamba lonse yekha, Killian n'kumaliza lachiwiri. Akuti ndi nkhani ya kavalo wosochera. Gogo, misozi ili mbwembwembwe, anafufuza dzanja langa.

"Amene wachita izi ndi mphunzitsi," anatero. "Usadzandiuzenso kuti ndiwe wongosambitsa."

Ndinalira, achimwene. Sindinakondwepo chonchi chifikireni kuno.

Tsono chonde, amayi muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha za bodza lija. Andikhululukire. M'bokosi langa lachitsulo muli buku la Sitandade 1 lothothoka chikuto, munditumizire. Makolo atatu a kutchalitchi andipempha kale kuti ana awo ndiwayambitse kuwerenga Chichewa.

Mundiperekere moni kwa alamu, ana ndi azakhali a Charity. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Dyna, mphunzitsi