"Tiyenitu" wanga watilanditsa mipando

Achemwali,

Musandifunefune, ndathamangira kwa adalaivala a minibasi. Ulendo wathu wa Loweruka wokaona tauni yakale ija wasokonekera. Dzulo pachipata ndimawafotokozera akazi a atelala za ulendowu, ndiye pomaliza ndinangoti "tiyenitu", mwaulemu chabe. Kodi munthu wamkulu sadziwa kuti mawu amenewo sayankhidwa? Koma iwo apita kukadzilembetsa, pamodzi ndi ana atatu ndi apongozi awo, minibasi yadzaza, ife eni ulendo tilibe malo. Apongoziwonso akuti akufuna pawindo chifukwa kukutentha, chonsecho dzana ankatiseka kuti tikukaona mabwinja.

Ine ndikukachonderera adalaivalawo kuti atibwezere mipando yathu. Inu pitani kwa akazi a atelalawo musanasambe n'komwe, amakuopani. Ndikudziwa munena kuti ndi pakamwa panga. Pepani, koma mudzandikalipire titakhala kale m'minibasi.

Mng'ono wanu