Papaya Amene Munadula

Amayi, kumene muliko mwadzuka bwanji? Kuno ku Mbayani tilipo. Denga lija likudonthabe, achimwene a Yona akuti akonza mvula ikatha, monga ananenera chaka chatha. Koma nkhani ndi iyi, khalani pansi ngati kumeneko kuli pokhala: ine Lute ndabereka. Mwana wamkazi, masabata atatu tsopano. Achimwene ndi azakhali akuti ndimutche Esinati, dzina lanu, kuti mzimu wanu ukondwe. Ndisanakuuzeni yankho langa, tikambe za mapapaya.

Atatu aja a kuseri kwa bafa alipo. Chaka ndi chaka amachita maluwa, maluwawo n'kufota, n'kuyoyoka, chipatso ng'o. Munafa mukunena kuti aneba anatithirira mankhwala. Palibe anatilodza, amayi. Munalodza ndinu, ndi chikwanje chanu.

Mukukumbukira papaya wachinayi, wa maluwa olendewera, wonunkhira madzulo uja? Munayamba mwamukhomera chitsononkho pathunthu kuti asanduke wamkazi. Atakana, munamudula. Ine ndinali pakhonde, ndikuchapa malaya a Fanuel, amuna anga a nthawi imeneyo, zaka zisanu ndi ziwiri m'banja popanda mwana. Munapukuta chikwanje, munandiyang'ana, n'kunena kuti, "Chosabala sichidya malo pakhomo panga." Mtengo unali utagwa kale, ndiye mawuwo ndinadziwa mwini wake.

Mizu yowawa imene munkandigulira ku Limbe ndinamwa mpaka mano kuda. A Fanuel simunawamwetse ngakhale kasupuni. Munkati mwamuna safunsidwa zimenezo. Ndipo Lamulungu lija, pageti la tchalitchi, amayi anzanu ali mbwee, munawagwira dzanja a Fanuel n'kuwauza kuti, "Mkamwini, musadzivute. Mwana wangayu ndi papaya wamwamuna, maluwa okhaokha." Anzanuwo anaseka. Mwezi usanathe a Fanuel anali atanyamula sutikesi, ndipo munawaperekeza mpaka pasiteji ya minibasi. Ine simunandifunse ngati ndadya.

Inu mutapita ndinapeza ntchito ya m'nyumba ku Namiwawa. M'mawa wina ndikuyanika zovala ndinaona a Makwinja, osamalira dimba la pamenepo, atagwada m'maungu. Anathyola duwa limodzi, n'kulisenda, n'kumalipaka m'kati mwa duwa lina lokhala ndi kadzungu kunsi kwake. Ndinawaseka, ndinkayesa zamatsenga. Anandionetsa kaufa kachikasu pachala chawo, kotchedwa mungu. Duwa lalimuna ndilo limakapanga, njuchi n'kukanyamula kupita nako ku lalikazi. Kakapanda kufika, lalikazilo limangofota n'kugwa, ngakhale likhale labwino chotani. Mabwana amapopera mankhwala m'mpanda monse, njuchi zinathawa, ndiye ntchito ya njuchiyo a Makwinja amaigwira okha ndi manja.

Ndinawafunsa za mapapaya. Anati wamwamuna mmodzi amakwanira mitengo yambiri, koma ukamudula pomwe palibe wina pafupi, yonseyo yaima. Amayi, ndinaseka mpaka ndinakhala pansi pa udzu, kenako ndinalira. Ukadaulo wanu wonse uja, munadula mtengo wokhawo umene unkakudyetsani, n'kutukwana aneba zaka zinayi!

A Fanuel anu okondedwa ali ku Manja ndi mkazi wachitatu. Nayenso akumwa mizu, wosauka. Pakhomo pawo pali zii, thewera silinayanikidwepo. Ine ndinakwatiwa ndi a Makwinja, ndipo chaka chisanathe, zaka makumi anayi zili pamutu, mimba yomwe munaitemberera ija inagwira. Ndikanakonda mukanakhalapo. Osati kuti mumunyamule mwanayu ayi, koma kuti ndione nkhope yanu.

Tsono yankho ndi ili. Ndawauza achimwene kuti ayi. Azakhali alira, akuti wakufa sasungiridwa mangawa. Iwo sanaime pageti paja. Sindingadzuke m'mawa uliwonse kuitana dzina limenelo mokoma, kuliyamwitsa, kulibereka kumsana. Likhale pamwala pomwe tinalilemba.

Ndimakukondanibe, amayi, ndipo ndicho chimandipsetsa mtima. Manda anu ndizilambula chaka chilichonse, ndalonjeza, koma ndizibwera ndekha. Mwanayu akadzakula n'kufunsa kuti agogo ake anali munthu wotani, ndidzamuuza kuti anamwalira, basi.

Ndine mwana wanu,
Lute