Wamasiye wa Nkhunda

Chamama, Kasungu
14 Malichi, 2024

Okondedwa akulu anga a Ezelina,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tiliko, mvula yadulako pang'ono ndipo tili kalikiliki kuthyola fodya. Ndalemba kalata m'malo moimba chifukwa foni ndi ya Thoko, ndipo mwana wanuyu makutu ake ndi aatali. Ndapatsira a Lazaro amene akubwerera kumeneko Lolemba.

Za ntchito ya m'nyumba imene mwandipezera ndamva, ndipo ndathokoza. Mwati abwana akufuna yankho mwezi uno usanathe. Ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambire patali.

Tsiku lija munandiseketsa, muja munkati azungu kumeneko mkazi amene mwamuna wake amangokhalira kusewera gofu amamutcha wamasiye wa gofu. Ndinaseka nanu, koma nditadula foni kuseka kunandithera. Ndiye kuti ine ndine wamasiye wa nkhunda, wamasiye wochapabe malaya a malemu.

Mukukumbukira kuti alamu anu a Dominic anayamba ndi nkhunda zinayi zimene anawasiyira tenanti wina pobwerera kwawo ku Phalombe. Lero makola ndi atatu. Kukacha ali kukhola, masana ali panjinga kukasinthanitsa nkhunda mpaka kwa Kaomba, dzuwa likamalowa akhala pamtondo kuziwerenga. Ina ikangotsimphina amaiona ali patali. Mowa samwa, sanandimenyepo, za akazi ena sindinamvepo. Nanga kwa ankhoswe ndikanakanena chiyani? Kuti ndili pamitala ndi mbalame?

Pali chimene sindinakuuzenipo. Mukudziwa zomwe amanena kwathu kuno, kuti nkhunda sizikhala pakhomo pa anthu okangana. Abambo a Thoko mawu amenewa anawaloweza ngati vesi. Ndikangoti ndiyambe kudandaula, iwo amvekere, "Tsitsani mawu amayi a Thoko, ziuluka." Ine n'kumeza. Ndameza zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka tinafika pomangouzana za mchere ndi feteleza basi.

Anthu poona nkhunda zikuswana anayamba kutitama, amvano mpaka anandisankha kukhala mlangizi. Loweruka lapitali tinali kulangiza mtsikana wina dzina lake Shalom, amene akukwatiwa Pasaka ikatha. Atcheya athu, amayi Mphepo, anati, "A Sellah, muuzeni mwanayu chinsinsi chanu. Kwanu nkhunda zadzaza denga, phokoso sitinalimvepo." Mtsikanayo ananditong'olera maso kudikira nzeru, ine manyazi anandigwira. Ndinati, "Mwanawe, chikakuwawa uzinena. Kumanda nakonso kulibe phokoso." Azimayi anayang'anana, wina n'kuyambitsa nyimbo kuti nkhani ithe.

M'njira monse zinandivuta kuti ndalangiza mwana zimene mwiniwakene sindichita. Nditafika sindinalowe m'nyumba. Ndinawapeza kukhola akuthira madzi m'phale, ndipo ndinawauza zonse ndili chiimire ndi yunifolomu yanga yamvano. Ndinanena za ntchito ya ku Joni, za pasipoti imene ndinapangitsa mobisa, za fodya amene timasoka awiriwiri ndi Thoko, za tsiku lija ndinagonekedwa m'chipatala ndi BP iwo ali kosaka nkhunda yosochera. Mawu anga anamveka mpaka kumjigo. Nkhunda zinadzidzimuka n'kuuluka zonse nthawi imodzi.

Akulu anga, sanatukule mutu kuti aone kolowera nkhundazo. Anayang'ana ine. Anati, "Nanga bwanji simunanene nthawi yonseyi?" Ndinati, "Si inu munkati ziuluka?" Anangokhala pansi pamatope pomwepo.

Dzuwa lisanalowe nkhunda zinabwerera zonse n'kulowa m'makola ngati palibe chachitika. Ndinapsa nazo mtima kuposa kale.

Lolemba m'mawa ndikusoka fodya m'chigafa, ndinangoona munthu wakhala pambali panga, singano m'manja. Manja anaiwala ntchito, masamba amangong'amba, koma ndinawasiya. Patapita nthawi anafunsa motsitsa mawu, "Kodi BP ija inatsika?" BP ya chaka chatha, akulu anga! Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinali ya kuseka kokha.

Sindikunamizani kuti asinthiratu. Kukacha amayambirabe kukhola. Koma chichokereni Loweruka takangana katatu, ndipo katatu konseko andiyankha mpaka nkhani kutha. Mwina mundiseka, koma mtima wanga wakhala pansi.

Choncho ntchitoyo apatseni ena. Pepani kwambiri, ndikudziwa kuti munavutika pondifunira ntchitoyi. Ngati ndalakwitsa ndidzakuuzani, zobisa ndasiya.

Mupereke moni kwa ana, Tawonga ndi Sunganani. Thoko akupereka moni kwa amayi ake aakulu, akuti musaiwale nsapato zija munamulonjeza. M'kajumbo kamene ndapatsira a Lazaro ndaikamo kamtedza ka chaka chatha, watsopano sitinakumbe. Alamu anu ndawauza kuti ndikukulemberani, ndipo ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Aima pakhomo chipewa chili m'manja, ati, "Muwauze alamu kuti ndapota nawo, asanditengere mkazi."

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Sellah