Tadala akadali pakhomo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Thamesmead tilipo, kungoti miyendo yanga yayambanso kutupa ndi chisanu.

Masiku ano ndikumakumbukira tsiku lija bambo anandigwira dzanja kupita nane kusukulu ya pafamu. Ahedi anangoti ndidutsitse mkono pamutu ndigwire khutu, basi ndinalembedwa.

Kuno Tadala wanga akadali pakhomo, pamene anzake anayamba sekondale mwezi watha. Sukulu yatsopano imene tinkaifuna amaitcha akademi. Ndi yaulere, ndalama zimachokera kuboma, koma imadziyendetsa yokha, ndipo ana akachuluka imayeza mtunda kuchokera pakhomo pako kufika pageti pawo. Pafomu panali malo olembapo sukulu zisanu ndi imodzi. Ine ndinalemba imodzi yokhayo, poganiza kuti kutchula zina n'kukayikira Mulungu, popeza tinali titaipempherera kutchalitchi. Anatikana, ati tatalikira ndi misewu iwiri. Zapafupi zinali zitadzaza kale, ndipo imene khonsolo inatipezera ndi yokwerera mabasi atatu, choncho sindinamutumizeko.

Dzulo mwanayu anandiuza m'Chingerezi chake chija: "Amayi, musamatsegule makatani m'mawa, anzanga asandione." Lero sindinawatsegule, achimwene. Cholakwa n'changa.

Chonde musawauze kaye amayi, angadwale nazo. Mungotipempherera, chifukwa ndinachita apilo pa kutikana kuja, ndipo kalata yake yafika lero. Atiitana Lachinayi m'mawa kuti ndikafotokoze ndekha pamaso pa anthu atatu.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esinati