Akuti ndi a magazi amodzi

Loweruka, mwezi wa Novembala. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima ukundiwawa.

Lero tinadraiva kuchoka ku South Bend mpaka ku Indianapolis, kuno ku America, kukaonana ndi makolo a Jun, mnyamata wa ku Korea amene akufuna kukwatira mwana wanga Tamanda. Ndinachita kusinthitsa shifiti kuchipatala, n'kuvala chilundu changa chatsopano.

Tinakumana mu lesitilanti ina pa Lafayette Road. Bambo ake sanabwere n'komwe. Mayi ake anandipatsa moni ndi nsonga za zala, kenako anayankhula Chikoreya nthawi yaitali, Jun atangozolika. Nditamukakamiza kuti amasulire, anati, "Akuti Tamanda ndi mtsikana wabwino, koma kwathu ndife a magazi amodzi. Zidzukulu zakuda sangakazionetse kwa abale ku Korea."

Ndinafunsa kuti, "Kodi si inu mumapita kutchalitchi Lamulungu lililonse ngati ife?" Zimenezo Jun sanamasulire.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti mayi omwewa azungu amawaseka kayankhulidwe monga amandisekera ine. Jun anatiuza yekha. Ndinkayesa kuti tikamvana msanga.

Pobwerera Tamanda sanalire. Anangoti, "Mum, please, musayambe," n'kutembenukira kuwindo.

Jun wandiimbira, akuti iye sasintha maganizo, amukwatirabe Tamanda. Kaya. Ine ndinamuona patebulo paja: mwana wanga akunyozedwa, iye pakamwa tseke.

Pano Tamanda wadzitsekera kuchipinda, foni yake ikungolira. Sindikudziwa ngati ndikufuna kuti ayankhe kapena...