Jekete la Alamu Anga

Lolemba, 9 Juni 1975

Amutenga Mphenzi. Landirova ya avetenale, amuna atatu, mmodzi atakolekera buku m'khwapa.

Galu wanga wamphongo. Ndinabwera naye kuchokera ku Chipata zaka ziwiri zapitazo ali kamwana, m'dengu la nkhuku kumbuyo kwa njinga, njira ya m'minda kuzemba geti la ku Mchinji. Lero akuti chilolezo cholowetsera galu m'dziko chili kuti, kalata ya katemera wa chiwewe ya ku Zambia ili kuti. Ndawauza mosapsatira kuti galuyu akanakhala ndi chiwewe bwenzi Area 1 yonse ikuuwa pofika lero. Wabukuyo sanaseke. Akuti lamulo silikalamba. Mwina akakhale m'khola lawo miyezi isanu ndi umodzi, zonse pamutu panga, apo ayi chipolopolo. Akudziwa kuti sindingathe.

Anafunsanso ngati pali agalu ena amene ankagona naye khola limodzi. Ndati wamkazi anafa chaka chatha, ana kunalibe. Bodza. Ine Bauleni, amene tauni yonse imandidziwa kuti ndimalasa pomwe pali nyama. Alilemba m'buku.

Tilipo, galu wamkaziyo, make wa ana a Mphenzi, ali moyo. Mkazi wanga Naphiri wamutengera kwa makolo ake ku Likuni m'mawa, pamodzi ndi mwana mmodzi amene watsala. Mphenzi ndinakana kumubisa. Si wakuba.

Lachiwiri, 10 Juni

Amuwombera. Andibwezera kolala yokha.

Wakanena ndi Lexon, mwamuna wa mlongo wanga Alinesi. Sindikuchita kuganizira. Alinesi yemweyo ndiye anabwera Lamulungu mamawa, chisanu chili tsoo, atavala chijekete chakale cha mwamuna wake pamwamba pa chitenje, kudzandichenjeza kuti Landirova ibwera. Misozi mbwembwembwe. Akuti ndimukhululukire mwamuna wakeyo, anachita ndi mkwiyo.

Mkwiyo wa chiyani? Mwezi watha Lexon anandipempha mwana wa galu, waulere, akuti chibale. Ndinamuyankha panja pa tchalitchi, anthu akumva, kuti munthu amene akusiya mkazi wake kugona ku Mchesi m'nyumba yodontha, iye akugona kuseri kwa nyumba ya bwana ku Area 11, sangasunge galu wanga. Ndinanama pati? Mawu oona aphetsa Mphenzi.

Dzuwa litakwera Alinesi anavula jekete lija, pochoka analiiwala pa mpando. Lili pompano. Ndaliponya pansi pa bedi, sindikufuna kuliona.

Lachinayi, 12 Juni

Khola lili zii. Ndadzuka kukatenga mapapo ndi matumbo kophera ng'ombe monga mwa masiku onse, ndazindikira ndili pa mlatho kuti wodya palibe.

Malole ochokera ku Zomba akungolowabe, makabati a mafayilo, matiresi, madona atafunda mipango pamphuno chifukwa cha fumbi lathu lofiirali. Akuti awabweretsa kutchire. Nyumba zatsopano, mipanda kulibe, mitengo ikadali yofika m'chiuno. Akuba akuzula ndi mafelemu a mawindo omwe. Aliyense akufuna galu. Chaka chimene ndinayenera kuyimirira ndi chino.

Ana anayi a Mphenzi ali kale m'manja mwa anthu. Awiri ku Area 10, mmodzi ku 12, mmodzi kwa mmwenye wa sitolo ya njinga kuno ku Old Town. Avetenale akadziwa kuti ndinanama, awalondola onse, ndi Tilipo yemwe. Mbeu yonse kutha tsiku limodzi. Choncho pakamwa tseke.

Loweruka, 14 Juni

Ndaliganiza bwino, ndipo ndaseka koyamba chiyambire Lolemba.

A Chikaonda, bwana amene Lexon amawalondera nyumba, akhala akundivutitsa kuyambira Epulo kuti ndiwapezere galu wolondera. Ndiwapatsa mwana wotsalayo. Akakhala galu wa bwana wake, Lexon akanenanso kuti? Adzaneneza yemwe amamudyetsa?

Koma ndisanamupereke, sukulu kaye.

Palibe anandiphunzitsa ntchito iyi. Ndinaiba ndi maso, pa waya, apolisi akuphunzitsa agalu awo. Umamanga saka ku nsungwi, kumuputa nalo galu, kumumenya nalo pamphuno, kumulanda nalo chakudya, mpaka adane nalo ngati mfiti. Lamulo langa ndi limodzi: saka likhale lochapa, lopanda fungo la munthu. Chovala cha munthu wodziwika ayi, chifukwa galu saiwala fungo limene lamuzunza.

Ndasolola jekete lija pansi pa bedi.

Sindikufuna afe. Ndikufuna galu amuthamangitse m'bwalo la bwana wake tsiku ndi tsiku, akwere mtengo wa papaya madona akuonerera, mpaka a Chikaonda asankhe pakati pa galu ndi mlonda. Ndikudziwa amene angasankhe. Alonda ali mbwee pa geti lililonse. Mwana wa Mphenzi watsala mmodzi.

Dzina ndamupatsa lero: Sindiiwala.

Lachitatu, 18 Juni

Ku Likuni masana aliwonse, pa njinga. Kuseri kwa nkhokwe ya apongozi.

Sindiiwala ali ndi miyezi isanu ndi umodzi koma chifuwa ngati cha bambo wake. Tsiku loyamba ankaseweretsa jekete, mchira pukupuku. Ndamukwapula nalo katatu pamphuno. Lero wang'amba dzanja limodzi la jeketelo.

Jeketelo likununkha utsi ndi matemba. Nkhumba ya munthu, ngakhale kuchapa.

Alinesi anabwera kunyumba dzulo kudzalifunsa. Ndinati sindinaliona. Anapita atapinda manja m'khwapa.

Naphiri sakundiyankhula bwino. Akuti, "Bambo a Emmie, galu mukumuphunzitsa ufiti ameneyu, adzatilodza ndife tomwe." Ndamuuza kuti za agalu asiyire ine, iye aone za mphika.

Lachinayi, 26 Juni

Tsopano akangolinunkhiza, ubweya wa pamsana njoo. Sauwanso. Amangotsika pansi n'kudumpha. Tilipo amandiyang'ana ali chigonere, ngati akundifunsa. Asandifunse. Mwamuna wake ali m'dzenje kuseri kwa ofesi ya avetenale.

Ndinakumana ndi Lexon pa depoti ya basi. Chikhothi chachitali chakuda chimene bwana anamugulira, mabatani owala, ngati kapitawo wa sitima. Anavula chipewa: "Muli bwanji alamu?" Ndinalavula pambali n'kudutsa. Vala bwino, m'bale wanga. Udzathamanga nacho.

Lachitatu, 2 Julayi

Ndamupereka. A Chikaonda akondwa, akuti galu wa ku Zomba sangafike apa. Anafunsa khadi la katemera. Ndati likubwera. Silikubwera, poti kukabayitsa n'kukadzipereka, akafunsa bambo wake ndani. Galuyo ndi wabwinobwino, maso anga sanandinamizepo.

Ana a bwana akufuna kumutcha Simba. Ndawauza makolo awo kuti galu wosinthidwa dzina amapusa. Ndikufuna Lexon aziliitana yekha dzinalo m'mawa uliwonse.

Lexon anali ataima patali ndi khasu. Wamuzindikira galuyo, nkhope yachita kugwa. Watembenuka n'kupitiriza kulima. Ndabwerera kunyumba ndikuyimba mluzu njira yonse.

Lachisanu, 4 Julayi

Chavuta n'chiyani?

Ndinapita ngati kukaona mmene akudyera. Ndapeza Lexon akuthirira maluwa, Sindiiwala atagona pa mapazi ake. Pa mapazi! Akumunyambita nsapato.

Masabata awiri ndi theka a njinga, thukuta, jekete lonse nyenyenye. Galu ameneyu wandichititsa manyazi. Kapena Lexon wamudyetsa mankhwala, anthu a kwawo amatha. Ndinafuna kumumenya galuyo pomwepo, koma dona anali pa khonde akulongedza katundu. Akupita ku Zomba banja lonse kukadyera tchuthi cha pa 6, abwera Lachitatu.

Ndiganiza china. Sindinathe naye.

Lamulungu, 6 Julayi

Alinesi.

Dzulo m'mawa. Loweruka lililonse amapita ku Area 11 kukasiyira mwamuna wake ufa ndi ndiwo. Anangotsegula geti. Galu sanauwe. Ntchafu, kenako mkono pamene ankatchinga kumaso. Lexon anachita kumukanula kukamwa ndi mpini wa khasu.

Wandiuza ndi Naphiri, ataima pakhomo, osakhala pansi. Akuti jekete lija Lexon analeka kulivala chaka chatha atalandira chikhothi. Amene ankalivala ndi Alinesi, m'mawa uliwonse, popita kukagulitsa matemba kumsika.

Utsi ndi matemba. Ndinalemba ndekha m'buku lomwe lino, ndi dzanja lomwe lino.

Kunja ng'oma ndi magule, anthu akupita kubwalo. Sindinatuluke.

Lolemba, 7 Julayi

Ndapita kuchipatala. Amusoka malo awiri. Zimenezo zipola.

Nkhani ndi iyi. Achipatala anamufunsa kuti galu ndi wa yani. Iye anati wosadziwika, wakumana naye pa msewu, wathawira kutchire. Ndiye poti galu sakudziwika, akumubaya jakisoni wa chiwewe. Pamimba, kuzungulira mchombo, tsiku lililonse, masiku khumi ndi anayi. Lero wachitatu. Ndinamva ali kuseri kwa nsalu akuluma chitenje kuti asakuwe. Mlongo wanga amene anabereka ana atatu osalira.

Ndinafunsa wothandizira adokotala, ngati munthu wongofuna kudziwa. Akuti galu akadziwika n'kumangidwa kwa avetenale, amamuyang'anira masiku khumi, ndipo akaoneka kuti ali bwino adokotala atha kuleketsa jakisoni. Koma wosadziwika, onse khumi ndi anayi, palibe kuchotsera.

Potuluka Alinesi anandigwira dzanja. Sakudziwa za jekete. Akuganiza kuti galu anangolusa. Akuti, "Achimwene, agalu aja ndiwo munda wanu. Mwamuna wanga anakutentherani kale mbali imodzi. Ine mimba ipola."

Ndikanakonda akananditukwana.

Lachiwiri, 8 Julayi

Wachinayi. Mimba yatupa zibulumwa zofiira, sakutha kumanga chitenje. Wasanza kawiri. Matemba ake akuwola m'dengu ku Mchesi.

Zonsezi anayambitsa ndi Lexon. Akanapanda kukanena, Mphenzi akanakhala moyo, jekete likanakhala pa msana wa mwini wake. Ndalemba zimenezi katatu pa pepala lina kuti ndizikhulupirire. Ndang'amba pepalalo.

Lexon anandipeza pa benchi panja pa chipatala. Iye akudziwa za jekete, Naphiri anamuuza. Ndinakonzeka chibakera, ndinkachifuna n'kuchifuna. Anangokhala pansi, chikhothi chija chili ndi magazi ouma pa dzanja. Galu wamutsekera m'garaja, magazi pa geti watsuka, bwana sadziwa kanthu. Wabisa chifukwa mkazi wake wamulumbiritsa.

Ndinamuuza kuti njira ya ku ofesi ija akuidziwa bwino, bwanji osathamangirako.

Akuti, "Ine ndinakanenapo kamodzi, alamu. Ulendo uno mukanene nokha."

Galu wa munthu. Wandimanga ndi chingwe changa chomwe.

Ndikakanena: buku lija litsegulidwa, bodza langa lili momwemo. Tilipo, Sindiiwala, awiri a ku Area 10, wa ku 12, wa mmwenye. Mwina angowamanga. Mwina dzenje lija lakuseri. Ndipo palibe bwana mu Lilongwe muno adzatengenso galu kwa Bauleni.

Ndikakhala chete: khumi atsala.

Lachitatu, 9 Julayi

Ndakamutenga Tilipo ku Likuni mbandakucha. Ndamusambitsa, ndamuchotsa nkhupakupa m'makutu, ndamupatsa chiwindi chonse, osati mapapo. Akafike woyera, asakanene kuti agalu anga ndi a m'tchire.

Maina a nyumba zinayi zija ndalemba pa kapepala. Zotsala za jekete ndaika m'thumba, akazione okha. Ndikanena mmene ndimanenera, osazungulira.

A Chikaonda afika madzulo ano, apeza galu wawo kulibe, avetenale amutenga, amva kuti mlonda anabisa magazi pa geti. Amuchotsa ntchito. Chimene ndinachipalasira njinga masabata awiri ndi theka, chabwera chokha. Ndikawauza kuti amene analamula kubisa ndine, Lexon anangoopa mlamu wake wamkulu. Bodza linanso. Osati chifukwa cha iye. Alinesi adya chiyani?

Lexon sindinamukhululukire. Za Mphenzi zidikire, tsiku lake lilipo.

Ofesi atsegula hafu seveni, jakisoni wachisanu ndi wa teni koloko, ameneyo ndamuchedwera kale. Naphiri wanditulutsira malaya a kutchalitchi.

Ndamuveka Tilipo kolala ya Mphenzi. Ikumukulira. Waima pa geti mchira pukupuku, akuyesa tikupita kokayenda